Kuthandizana pa zabwino: mabungwe, mzikiti ndi mwana wakumudzi wosadziwa kuwerenga



Phunziro la teremu ino lachokera pa zomwe zinachitika pa tchuthi chapitachi. Tinapempha ophunzira a Fomu 3 kuti aliyense akafika kwawo akapeze mwana wa Sitandade 3 kapena 4, kaya m'bale wake kaya wa pakhomo loyandikana nalo, akamupatse buku la Chichewa la kalasi yake n'kumumvetsera akuwerenga. Pobwera, ambiri anatiuza nkhani yofanana. Mwanayo Surah zifupizifupi amazilakatula bwinobwino, ena afika kale pakati pa Juzu Amma, koma ukamuikira tsamba la Chichewa amayang'ana chithunzi n'kumangolota mawu. Mtsikana wina anatiuza kuti mng'ono wake anawerenga nkhani yonse osajejema. Atamuphimbira chithunzi n'kumulozera liwu limodzi pakati pa tsamba, mwana uja anangoti kakasi. Nkhaniyo anachita kuiloweza pomva anzake akuiyimba m'kalasi.

Ana amenewa ndi omwe tikuyembekeza kuti adzakhale pa madesiki a sukulu ino zaka zinayi kapena zisanu zikubwerazi. Mwana amene wafika Sitandade 4 asanadziwe kuwerenga amavutika pa phunziro lililonse, chifukwa kuyambira pamenepo masamu, sayansi ndi zina zonse zimadzera m'buku. Amabwereza kalasi, amachita manyazi kukhala ndi ana aang'ono, kenako amasiya. Mnyamata amatsikira kunyanja kapena amayamba kusunga ndalama ya basi ya ku Joni, mtsikana amamupezera banja. Kodi kuwombola mwana ameneyu ndi ntchito ya ndani? Yankho la phunziro lino ndi lakuti palibe bungwe limodzi, ngakhale lolemera chotani, lomwe lingaithe ntchitoyi palokha, ndipo mzikiti ndi madrassa zili ndi gawo lomwe wina aliyense sangatigwirire.

Chipembedzo chathu ndi cholembera

Wophunzira aliyense wa madrassa amadziwa kuti chivumbulutso choyamba kwa Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) kuphanga la Hira chinali ma Ayah asanu oyambirira a Surat Al-Alaq, Surah ya nambala 96. Lamulo loyamba mmenemo ndi la kuwerenga, ndipo cholembera chikutchulidwa ngati chida chomwe Allah anaphunzitsira munthu. Swala zisanu zinalamulidwa patapita zaka, ndipo kusala m'mwezi wa Ramadhan kunalamulidwa Asilamu atasamukira kale ku Madinah. Surah ya nambala 68 nayo imadziwika ndi dzina la cholembera, Al-Qalam.

Alipo ena amene amati kuwerenga koyenera Msilamu ndi kwa Qur'an basi, zinazi ndi za dziko. Tiyeni titsegule Surat Al-Baqarah, Ayah 282, yomwe ndi yaitali kuposa Ayah ina iliyonse m'Qur'an. Nkhani yake ndi ya ngongole. Okhulupirira akulamulidwa kuti akakongozana mpaka nthawi yodziwika azilemba, pakhale mlembi wachilungamo komanso mboni. Lamulo limeneli silingatsatidwe m'mudzi momwe mulibe wodziwa kugwira cholembera. Masiku ano makalata ogulitsirana malo, malangizo a mankhwala a kuchipatala ndi mauthenga a ndalama za pafoni zimabwera m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Mayi wosadziwa kuwerenga amapereka foni yake pamodzi ndi nambala yachinsinsi kwa munthu wina kuti amutapire ndalama zomwe mwana wake watumiza, ndipo sadziwa ngati walandira zonse. Ngakhale Qur'an yomasuliridwa m'Chichewa, yomwe masheikh athu anaikhetsera thukuta, siithandiza nyumba yomwe mulibe wotha kuiwerenga.

Kumene tachokera

Kuti timvetse chifukwa chomwe nkhaniyi imatikhudza kwambiri ife Asilamu, tibwerere m'mbuyo pang'ono. M'nthawi ya atsamunda sukulu pafupifupi zonse za m'Nyasaland zinali m'manja mwa mamishoni a Chikhristu. Boma linakhazikitsa nthambi yake yoona za maphunziro mu 1926, komabe sukulu zambiri zinakhalabe za mamishoni. Agogo athu ambiri ku Mangochi, Machinga, Salima, Nkhotakota ndi madera ena anakaniza ana awo kupita kusukuluzo poopa kuti akawasintha dzina ndi chipembedzo. Mantha awowo anali ndi maziko, ndipo sitikuwaweruza, pakuti ndi iwo amene anatisungira Chisilamu tili nachochi. Koma tinalipira mtengo waukulu. Pamene dziko limalandira ufulu mu 1964, Asilamu anali ochepa zedi pakati pa aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito m'maofesi.

Zinthu zinayamba kusintha pamene Asilamu anayamba kugwira ntchito m'mabungwe. Bungwe lomwe lero timalitcha Muslim Association of Malawi linayamba m'nthawi ya atsamunda. Mu 1981 dokotala wina wa ku Kuwait, Abdul Rahman Al-Sumait, pamodzi ndi anzake anayambitsa ntchito yothandiza Asilamu a m'Malawi muno, ndipo ntchitoyo inakula n'kufalikira m'maiko ambiri a mu Africa, poyamba ndi dzina la Africa Muslims Agency, kenako Direct Aid. Bungwe la Islamic Zakaat Fund nalo lalipirira maphunziro a sekondale ndi a ukachenjede a ana ambiri ochokera m'mabanja osauka, ndipo ena mwa iwo lero ndi aphunzitsi, madokotala ndi maloya.

Mu 1994 boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale. M'chaka chimodzi chokha chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Chitseko chinatseguka, koma zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro lomwelo. Mpaka lero m'sukulu zambiri za kumudzi mphunzitsi mmodzi wa Sitandade 1 amayang'anizana ndi ana oposa 100, ena ali pansi pa mtengo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno munali anthu pafupifupi 17.6 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 alionse amakhala kumidzi. Mwa anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo, pafupifupi 69 mwa 100 alionse ndi omwe ankadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo amayi anali m'mbuyo poyerekeza ndi abambo.

Mwana mmodzi, zosowa zambiri

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 7 wa m'mudzi wina pafupi ndi sukulu yathu, yemwe ali Sitandade 2. Tiyeni timutsatire, tione manja omwe akufunika kuti adziwe kuwerenga ndi kumaliza sukulu.

Choyamba ndi m'mimba. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitauma, amachoka pakhomo osalawa kanthu. Mwana wanjala samva za mphunzitsi. Bungwe la Mary's Meals linayamba ntchito yake m'Malawi muno mu 2002 podyetsa ana pafupifupi 200, ndipo tsopano limadyetsa ana oposa 1 miliyoni m'dziko lino tsiku lililonse la sukulu. Taonani mmene ntchitoyi imayendera. Bungwe limabweretsa ufa wa phala wa chimanga ndi soya wothira mavitamini, pamodzi ndi miphika. Mudzi umapereka anthu odzipereka, makamaka amayi, omwe amalawirira m'bandakucha kukatunga madzi ndi kuphika popanda malipiro. Sukulu imapereka malo ndi kusunga kaundula. Amayi aja akapanda kubwera, matumba a ufa amangokhala m'chipinda ana n'kubwerera ndi makapu ouma.

Chachiwiri ndi kaphunzitsidwe. Mu 2016 unduna wa zamaphunziro, mothandizidwa ndi bungwe la boma la America la USAID, unayambitsa ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4, ya National Reading Programme. Aphunzitsi anaphunzitsidwa kuyamba ndi maliwu a malembo, kenako maphatikizo, kenako mawu, ndipo mabuku atsopano anagawidwa. Ife a madrassa njirayi si yachilendo kwa ife. Ndi mmenenso timayambira ndi alif, baa, taa, kenako fat-ha, kasra ndi dhamma, mwana asanagwire Mus-haf.

Chachitatu ndi mpata woti mwana ayesere yekha. M'kalasi ya ana 100, mtsikana wathu akhoza kutha sabata yathunthu mphunzitsi osamumvapo akuwerenga. Pofuna kuchepetsa vutoli, bungwe la ku Britain la onebillion linakonza maphunziro a kuwerenga ndi masamu a m'Chichewa oikidwa m'matabuleti, timakina tokhala ngati foni yaikulu totchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa. Bungwe la VSO linathandiza kufikitsa makinawa m'sukulu ndi kuphunzitsa aphunzitsi, ndipo akatswiri a pa University of Nottingham anafufuza ngati anawo akupinduladi. Mu 2019 onebillion inali limodzi mwa magulu awiri omwe anapambana mphoto ya dziko lonse ya Global Learning XPRIZE. Pambuyo pake boma linaitenga ntchitoyi kuti ifalikire m'sukulu za pulayimale za boma kudzera mu ndondomeko ya BEFIT, mogwirizana ndi mabungwewa komanso la Imagine Worldwide. Wina amalemba maphunziro, wina amaphunzitsa aphunzitsi, wina amayesa zotsatira, boma ndiye mwini sukulu, ndipo mudzi ndi umene umalondera chipinda kuti akuba asazule masola.

Chachinayi ndi choti awerenge akaweruka. Kuwerenga kuli ngati hifdh: zomwe sukuzibwereza zimathawa. Nyumba zambiri za kumudzi mulibe buku lililonse la msinkhu wa mwana. Bungwe la boma loyang'anira malaibulale la National Library Service lakhala likugwira ntchito ndi mabungwe monga Book Aid International potumiza mabuku m'malaibulale ndi m'sukulu, koma bukulo limafuna munthu woti alitsegulire chitseko ndi kulemba amene wabwereka.

Chachisanu ndi kumusunga pasukulu akamakula. Akatha msinkhu, mavuto amasintha: yunifolomu, zofunika pa nthawi ya kumwezi, mtunda wautali wopita kusekondale, ndi amuna obwera ndi mafoni ndi ndalama. Bungwe la CAMFED, lomwe linayamba ku Zimbabwe mu 1993 n'kufika m'Malawi mu 2009, limathandiza atsikana osauka ndi zosowa za kusukulu, ndipo omwe anathandizidwa amabwerera kudzalangiza ang'onoang'ono. Magulu a amayi a pasukulu amayendera ana omwe asiya. Kuyambira 1993 pali ndondomeko yolola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Ku Dedza, Inkosi Kachindamoto inatchuka pa dziko lonse chifukwa chothetsa maukwati a ana ambirimbiri ndi kuwabwezera kusukulu, ndipo inkachita zimenezi pamodzi ndi magulu a amayi, mafumu aang'ono ndi atsogoleri a zipembedzo.

Mukaona mndandandawu muona kuti uli ngati unyolo wa njinga. Phala popanda mphunzitsi waluso limadzaza kalasi ndi ana okhuta koma osadziwa kuwerenga. Mphunzitsi waluso amangodzivutikira ngati theka la kalasi lili kudimba. Thandizo la kusekondale silimufikira mwana amene anagwa ali Sitandade 4. N'chifukwa chake mabungwe ambiri a zamaphunziro anapanga mgwirizano mu 2000, womwe lero umadziwika kuti Civil Society Education Coalition, kuti azilankhula ndi mawu amodzi kwa boma ndi kulondoloza mmene ndalama za maphunziro zikuyendera. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Kodi n'kololedwa kugwira ntchito ndi omwe si Asilamu?

Makolo ena atifunsa funsoli, ndipo ndi funso labwino poganizira mbiri tafotokoza ija. Mabungwe ambiri omwe tatchulawa si achisilamu, ndipo ena anayambitsidwa ndi Akhristu. Yankho tilipeza mu Qur'an ndi mu Seerah.

Surat Al-Ma'idah, Ayah 2, ikulamula kuthandizana pa zabwino ndi pa kuopa Allah, ndipo ikuletsa kuthandizana pa machimo ndi pa chidani. Muyeso wake uli pa ntchitoyo, kuti ndi yotani. Ayah yomweyo ikuchenjezanso Asilamu kuti kuipidwa ndi anthu omwe anawatsekereza kufika ku Mzikiti Wopatulika kusawachititse kupyola malire.

Chitsanzo choyamba ndi cha Hilful Fudhul. Mtumiki (SAW) ali mnyamata, asanapatsidwe utumiki, wamalonda wina wochokera ku Yemen anagulitsa katundu kwa Al-Aas bin Waa'il, mmodzi mwa akuluakulu a ku Makkah, ndipo uyu anakana kulipira. Mafuko angapo a Aquraish anakumana m'nyumba ya Abdullah bin Jud'aan n'kulumbirirana kuti adzaima ndi aliyense woponderezedwa mu Makkah, kaya ndi mbadwa kaya mlendo, mpaka atalandira chake. Mtumiki (SAW) analipo. Patapita zaka zambiri, Chisilamu chitakhazikika, iye anauyamikira mgwirizanowo ndipo ananena kuti akanaitanidwa ku mgwirizano wotere m'nthawi ya Chisilamu akanavomera. Omwe anaupanga anali opembedza mafano.

Chitsanzo chachiwiri chikukhudza kuwerenga kwenikweni. Pa nkhondo ya Badr, m'chaka chachiwiri cha Hijra, chomwe ndi 624, Asilamu anagwira akaidi pafupifupi 70. Ena anaomboledwa ndi chuma. Koma omwe analibe chuma ndipo ankadziwa kulemba anapatsidwa njira ina: aliyense aphunzitse kulemba ana khumi a ku Madinah, akatero amasulidwe. Taganizirani bwino. Aphunzitsiwa anali adani omwe masiku ochepa m'mbuyomo anabwera ndi malupanga, komabe Mtumiki (SAW) anawapatsa ana a Maswahaba kuti awaphunzitse luso lomwe Asilamu ankalisowa. Olemba mbiri ena amati Zaid bin Thaabit (RA) anali mmodzi mwa anawo. Zaid yemweyu anadzakhala mlembi wa chivumbulutso, ndipo ndi amene anatsogolera ntchito yosonkhanitsa Qur'an m'nthawi ya Abu Bakr (RA) komanso ya Uthmaan (RA). Atsikananso sanasiyidwe: Ash-Shifaa bint Abdillah (RA) anaphunzitsa kulemba mayi wathu Hafsa (RA), mkazi wa Mtumiki (SAW).

Koma tikumbukire kuti akaidi aja ankaphunzitsa ana mu Madinah momwemo, makolo akuona. Kugwirizana sikutanthauza kutseka maso. Bungwe likabwera tili ndi ufulu wofunsa: ana akaphunzira chiyani, adzakhala ndi ndani, nthawi ya Swala ndi ya madrassa idzalemekezedwa kodi, chakudya ndi cha halaal kodi, nanga kavalidwe ka atsikana athu? Mafunso otere amayankhidwa pokhala pansi. Nkhani ya hijab inautsa mikangano m'sukulu zina, mpaka zina kutsekedwa, koma mu 2021 atsogoleri a Chisilamu ndi a Chikhristu, motsogozedwa ndi bungwe la Public Affairs Committee, anasainirana mgwirizano wolola atsikana achisilamu kuvala hijab yogwirizana ndi yunifolomu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma. Pa nthawi yonse yomwe zitseko zinali zotseka, amene anataya maphunziro anali ana, a zipembedzo zonse.

Zomwe zimaononga mgwirizano

Pa zaka zomwe taphunzitsa m'madera a kumudzi taona ntchito zabwino zikufa, ndipo matenda ake amakhala omwewomwewo.

Oyamba ndi riyaa, kuchita zabwino kuti anthu aone. Pasukulu ina ya m'mbali mwa msewu tinaona mabungwe awiri akupereka mabuku m'chaka chimodzi, lililonse ndi chikwangwani chake pachipata, pamene sukulu ya kuseri kwa phiri, komwe galimoto sifika nthawi ya dzinja, inalibe ndi buku limodzi lomwe. Surat Al-Baqarah, Ayah 264, ikuchenjeza kuti sadaka imaonongeka ndi kukumba mtima wolandira komanso kudzionetsera. Matendawa sali kwa azungu okha. Ifenso timatha kukana kugwirizana ndi mzikiti woyandikana nawo chifukwa chosiyana pa nkhani zing'onozing'ono, kapena chifukwa chofuna kuti dzina lathu likhale pamwamba.

Achiwiri ndi kusunga m'malo mogwiritsa ntchito. Tinapezapo makatoni a mabuku atsopano ali chitsekere mu ofesi, chiswe chitayamba kale kudya, chifukwa oyang'anira ankaopa kuti ana akawang'amba ndipo eni ake akadzabwera adzakalipa. Buku long'ambika chifukwa chowerengedwa lagwira ntchito yake.

Achitatu ndi mtima wa alawansi. Msonkhano wokhala ndi ndalama ya chakudya umadzaza, koma woitanitsa anthu kudzaumba njerwa umabwera anthu asanu. Tikazolowera kutero, ntchito imakhala ya alendo, ndipo alendo akanyamuka imatha.

Achinayi ndi kudalira kunja kotheratu. Mu 2025 boma la America linaimitsa ntchito zambiri za USAID m'maiko ochuluka, kuphatikizapo kuno. Amene amapereka ali ndi ufulu wosintha maganizo, ndipo izi zikhoza kuchitikanso ndi abale athu achisilamu a kunja omwe amatithandiza. Chomwe chimatsala bungwe likapita ndi chokhacho chomwe mudzi unachitenga kukhala chake. Asilamu akale ankalidziwa bwino phunziroli, n'chifukwa chake ankakhazikitsa waqf, chuma choimikidwa mpaka kalekale kuti phindu lake lizithandiza ntchito yabwino. Mu 859, mayi wina, Fatima al-Fihri, anagwiritsa ntchito chuma chomwe bambo ake anamusiyira pomanga mzikiti wa Al-Qarawiyyin mumzinda wa Fez ku Morocco. Mzikitiwo unasanduka malo a maphunziro apamwamba omwe akugwirabe ntchito mpaka lero.

Gawo lathu

Tsono ife tili ndi chiyani chomwe mabungwe alibe? Tili ndi nyumba m'mudzi uliwonse, yomwe imakhala yopanda anthu maola ambiri pa tsiku. Tili ndi mimbari yomwe abambo a m'mudzi amaimvera Lachisanu lililonse. Tili ndi ma mwalimu omwe amadziwa mwana aliyense ndi dzina lake, mayi ake ndi khomo lomwe amachokera. Tilinso ndi chiyankhulo. Ana athu ambiri amayankhula Chiyao pakhomo, ndipo amakumana ndi Chichewa ndi Chingerezi nthawi imodzi akalowa Sitandade 1. Munthu amene angamufotokozere mwana wotere m'chiyankhulo cha mayi ake ali m'mudzi momwemo.

Kwa akuluakulu a komiti ya mzikiti, tikupempha zinthu zinayi. Choyamba, mwalimu wa madrassa alembe maina a ana onse omwe amabwera kumadrassa koma kusukulu sapita, ndipo mainawo akafike kwa mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu ndi gulu la amayi. Chachiwiri, mukhale pansi ndi a sukulu ya pulayimale kuti nthawi ya madrassa ndi ya sukulu zisamalimbane, ndiponso mukambirane ndi mafumu ndi angaliba kuti jando ndi zinamwali zina zizitha sukulu isanatsegulidwe. Chachitatu, mulole khonde la madrassa likhale malo owerengera kawiri pa sabata, kwa ana masana komanso kwa amayi ndi abambo omwe akufuna sukulu ya kwacha. Ofesi ya zachitukuko cha m'madera ku khonsolo ya boma lathu ndi yomwe imayang'anira sukulu za kwacha, ndipo ndi koyenera kukayambira. Chachinayi, bungwe lililonse likabwera, lachisilamu kapena ayi, mulifunse ngati ndi lolembetsedwa ndipo khonsolo ikulidziwa, mulidziwitse za mabungwe ena omwe ali kale m'deralo, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe: ndani achita chiyani, mpaka liti, ndipo bungwe likadzachoka adzapitiriza ndani. Musaiwalenso kutumiza munthu wanu ku misonkhano ya komiti ya chitukuko ya m'mudzi, chifukwa ndi kumene zimagawidwira.

Kwa inu makolo athu, ngakhale amene simunapite kusukulu, gawo lanu ndi lalikulu. Muuzeni mwana akuwerengereni mokweza kwa mphindi zochepa dzuwa lisanalowe, monga mmene mumamumvetsera akamabwereza Surah. Mulozereni liwu pa thumba la fetereza kapena pa paketi ya shuga kuti alitchule. Ikafika nthawi yanu yophika phala kusukulu, pitani. Ndipo mwana wamkazi apatsidwe nthawi yowerenga yofanana ndi ya mlongo wake, asamathere tsiku lonse kuchitsime ndi kumtondo.

Kwa inu ophunzira, mwaona nokha mmene zinthu zilili kwanu. Akaidi a ku Badr anapatsidwa ana khumi aliyense. Ife tikukupemphani atatu okha. Pa tchuthi chikubwerachi sankhani ana atatu, muzikhala nawo theka la ola tsiku lililonse kupatula Lachisanu. Yambani ndi maliwu a malembo, kenako maphatikizo monga ba, be, bi, bo, bu, kenako mawu afupiafupi. Musamukalipire mwana akalakwa, ndipo musalole kuti aloweze: sinthani tsamba, phimbani chithunzi, lozani liwu. Lembani m'kope zomwe mwana aliyense ankatha tsiku loyamba ndi zomwe akutha tsiku lomaliza, ndipo makopewo tidzawaonera limodzi teremu ikadzayamba. Hadith yomwe ili mu Sahih Muslim imatiphunzitsa kuti munthu akamwalira ntchito zake zimaduka kupatula zitatu, zomwe ndi sadaka yopitirira, maphunziro omwe anthu akupindula nawo, ndi mwana wabwino womupemphera. Mwana amene mudzamuphunzitse kuwerenga adzawerenga moyo wake wonse, ndipo mwina adzaphunzitsanso ake.

Mafunso okambirana m'kalasi ndi pakhomo

1. Kodi Ayah 282 ya Surat Al-Baqarah ikutiphunzitsa chiyani za kufunika kwa kulemba pa nkhani za tsiku ndi tsiku?

2. Fotokozani zomwe zinachitika pa Hilful Fudhul. N'chifukwa chiyani Mtumiki (SAW) anauyamikira mgwirizanowu ngakhale omwe anaupanga sanali Asilamu?

3. Tchulani mabungwe ndi magulu omwe amagwira ntchito pasukulu ya pulayimale ya kwanu. Kodi amadziwana? Ndi chosowa chiti cha mwana chomwe palibe amene akuchisamala?

4. Ndi mafunso ati omwe komiti ya mzikiti iyenera kufunsa bungwe lisanayambe ntchito ndi ana a m'mudzi?

5. Bungwe lomwe limathandiza sukulu ya kwanu litachoka mawa, ndi ziti zomwe mudzi ungapitirize pawokha?

Tikupempha Allah kuti atiwonjezere maphunziro opindulitsa, ayeretse zolinga zathu, ndipo awalipire zabwino onse omwe amavutikira ana a m'midzi yathu. Ameen.